Funsani Adokotala: Kutaya magazi kosayembekezeka

Funso: Ndili ndi zaka 41. Kwa miyezi itatu tsopano ndimataya magazi ndikakhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba. Kodi ndi khansa? Ndiyambire pati? Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu.

Yankho: Mayi, musadikire mwezi wina. Zoyambitsa zilipo zingapo, koma ichi ndi chizindikiro chodziwika cha khansa ya khomo la chiberekero. Tengani buku lanu la kuchipatala, mukapemphe kuyezedwa kwa VIA. Namwino amapaka vinega pa khomo la chiberekero ndi kudikira mphindi imodzi. Malo odwala amaoneka oyera. Ngati ndi kachilonda koyambirira, amakawotcha ndi kachipangizo, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Pambuyo powotcha, mudzaona chikazi chamadzimadzi kwa masabata angapo, ndipo mupewe kugonana kwa masabata anayi kuti pachire. Mukamva malungo kapena chikazi chikayamba kununkha, bwererani msanga.

Akakayikira khansa, adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital kukadula kanyama koti akapime. Apa ndi pamene ambiri timawataya: amatopa kudikira zotsatira n'kupita kwa asing'anga, matenda n'kumakula. Siyani nambala ya foni yogwira, ndipo mufunse tsiku lenileni lobwerera. Khansa ikapezeka msanga, opaleshoni imatha kuichiza.