Funsani Adokotala: Chifuwa chakale chawononga bwanji impso?

Funso: Adokotala, amuna anga anadwalapo TB kawiri, ndipo ngakhale anamaliza mankhwala, akhala akutsokomola makhololo kwa zaka 9. Chaka chino miyendo yawo yatupa, mkodzo ukuchita thovu ngati wathiridwa sopo. Kuchipatala atapima kachidutswa ka impso anatiuza kuti ali ndi AA amyloidosis. Kodi imeneyi ndi khansa? Nanga chifuwa chikukhudzana bwanji ndi impso? Mayi wodandaula, Rosettenville, Johannesburg.

Yankho: Pepani mayi ndi matendawa. Si khansa ayi, ndiponso sapatsirana. Thupi likamalimbana ndi matenda, chiwindi chimapanga puloteni yotchedwa SAA, yomwe imachuluka m'magazi kwa masiku ochepa, kenako n'kutsika munthu akachira. Koma kutupa kwa mkati mwa thupi kukakhala kosazirala kwa zaka zambiri, monga zimachitikira ndi nyamakazi ya rheumatoid arthritis, zilonda za m'mafupa, khate, kapena mapapo omwe TB inawasiya ndi zipsera zosunga mafinya, puloteniyi imakhala yochulukabe, ndipo tizidutswa take timapindika molakwika n'kuundana m'ziwalo. Zoundanazo ndizo amyloid, dzina lomwe dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anazipatsa mu 1854 poganiza kuti ndi sitachi.

Zimakonda kukhazikika mu impso, m'timasefa tosefa magazi. Timasefati tikawonongeka, puloteni ya albumin imatayikira mumkodzo, n'chifukwa chake mukuona thovu, ndipo ikachepa m'magazi madzi amadzaza m'miyendo. Kapamba, chiwindi ndi matumbo nazonso zimatha kugwidwa.

Chomwe ndikufuna mugwiritse ndi ichi: chithandizo chenicheni chili pa chifuwacho. Gwero la kutupa likathetsedwa, SAA imatsika, kuundana kumaima, ndipo mwa odwala ena zoundanazo zimachepa pang'onopang'ono. Choncho pemphani kuti bambowo aonedwe ndi dokotala wa mapapo komanso wa impso, ndipo makhololo awo apimidwenso ngati muli TB. Madokotala otere alipo pa zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath.

Zimandimvetsa chisoni kuti abale athu ambiri kuno ku Joni amagula ibuprofen kapena diclofenac kusitolo thupi likamaphwanya, osadziwa kuti mankhwalawa amapweteka impso zodwala kale. Bambowo asamwe amenewa, achepetse mchere m'ndiwo, ndipo mankhwala azitsamba otumizidwa kuchokera kumudzi muyambe mwawaonetsa dokotala wawo asanawalawe.