Yankho kwa mayi amene zidzolo za pansi pa mabere zimangowabwerera

Mayi, ndawerenga funso lanu mofatsa. Mwanena kuti kwa chaka chathunthu mwakhala mukuvutika ndi zidzolo zoyabwa ndi zonyowa pansi pa mabere ndi m'mphechepeche, kuti mukadzola mafuta amene munagula kusitolo ya mankhwala zimazilala pakangopita masiku awiri, koma mwezi usanathe zimabweranso. Mwafunsanso ngati vutoli likuchokera m'magazi kapena ngati bambo akunyumba ndi amene akukupatsirani. Dzina lenileni la matendawa lidzatsimikizika wachipatala akaona khungulo ndi maso ake, koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda oyamba ndi yisiti, kachilombo ka m'gulu la nkhungu, wotchedwa Candida, ndipo chimene chandikhudza kwambiri m'nkhani yanu ndi kubwerera kwakeko.

Candida si mlendo m'thupi la munthu. Anthu ambiri athanzi labwino ali naye m'kamwa, m'matumbo, kumaliseche ndi m'malo amene khungu limapindika, ndipo savutika naye chifukwa khungu louma, mabakiteriya abwino amene timakhala nawo ndi chitetezo cha m'thupi zimamuletsa kuchulukana. Mankhwala amangomuchepetsa kufikira khungu litapola, koma sangamuthetseretu. Choncho zidzolo zikamabwerera, pamakhala chinachake chimene chikumupatsa mpata mobwerezabwereza, ndipo chimenecho ndicho chofunika kuchipeza. Pachifukwa chomwechi ndikupempheni kuti musawakayikire bambo akunyumba chifukwa cha zidzolo zimenezi zokha, pakuti yisiti wa pansi pa mabere sawerengedwa m'gulu la matenda opatsirana pogonana, ndipo amagwira ngakhale makanda ovala matewera ndi agogo ogona pamphasa chifukwa cha kudwala.

Mukadziyang'ana pagalasi mutakweza bere, onani ngati khungu lili lonyezimira ndi lanthete, lofiira kapena lodera kuposa khungu lozungulira, lokhala ndi mng'alu wopweteka mkati mwenimweni mwa mpindiro, ndiponso ngati kunja kwa chigamba chachikulucho kwamwazika timadontho ting'onoting'ono ngati mapira otayika pambali pa lichero. Timadontho timeneti ndi chizindikiro chodziwika bwino cha Candida. Chipere chimaoneka mosiyana, chifukwa chimazungulira ngati mphete, m'mphepete mwake muli motukuka ndipo pakati pake pamakhala pooneka ngati papola. Palinso matenda ena a m'mapindiro a khungu, monga erythrasma, woyamba ndi mabakiteriya, komanso psoriasis, wosayamba ndi tizilombo, amene amafanana ndi yisiti koma ali ndi mankhwala akeake.

Tsopano tengani kachubu ka mafuta amene mumadzolawo muwerenge timalemba ting'onoting'ono tosonyeza zimene zili mkati mwake. Mwanena kuti kuyabwa kumatha m'masiku awiri, ndipo liwiro limeneli ndi limene likundikayikitsa. Mukapeza mawu akuti betamethasone, clobetasol kapena dexamethasone, dziwani kuti mafutawo ali ndi mankhwala a gulu la steroid. Mankhwala amenewa amaziziritsa kuyabwa ndi kufiira mwamsanga kwambiri, moti munthu amaona ngati wapeza mankhwala enieni, koma amachita zimenezi pofooketsa chitetezo cha khungu pamalo pomwepo, ndipo yisiti amapeza danga lochulukana mwakachetechete. Mukasiya kudzola, zidzolo zimabuka zitakula kuposa kale, inu n'kubwerera kusitolo kukagula kachubu kena. M'mapindiro khungu ndi lopyapyala kale ndipo limayamwa mankhwala ochuluka, choncho steroid wamphamvu akadzoledwa kwa miyezi amalipyapyalitsa, limayamba kung'ambika msanga ndi kuchita mizere imene sifufutika. Mafuta ambiri osakaniza mankhwala atatu m'kachubu kamodzi ali ndi steroid wotere, chimodzimodzinso mafuta ambiri oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika. Ngati mwadzola kwa nthawi yaitali, khungu likhoza kuyabwa kwambiri masiku oyamba mutasiya, choncho ndi bwino kuti wachipatala akuuzeni kasiyidwe kake.

Mankhwala oyenera ndi odziwika ndipo si okwera mtengo. Clotrimazole wa 1% kapena miconazole wa 2% amadzoledwa kawiri patsiku, pang'ono chabe, pakhungu lotsuka ndi louma, kufikira kunja pang'ono kwa malire a zidzolo. Nystatin nayenso amagwira ntchito pa Candida. Pamene ambiri timalakwitsa ndi pa nthawi yosiyira, chifukwa kuyabwa kumatha yisiti asanachepe mokwanira. Nthawi zambiri pamafunika masabata 2 mpaka 4, ndipo ndi bwino kupitiriza kwa sabata ina khungu litaoneka kuti lapola. Zidzolo zikakhala zafalikira kwambiri kapena zikakana mafuta, dokotala akhoza kulemba mapiritsi a fluconazole, koma musadzigulire nokha, chifukwa sayenera kumwedwa mwachisawawa ndi mayi woyembekezera ndipo amasemphana ndi mankhwala ena amene mungakhale mukumwa. Mapiritsi a griseofulvin, amene ana a chipere cha m'mutu amapatsidwa, sagwira ntchito pa yisiti. Mapiritsi a ketoconazole nawonso musawalandire kwa wogulitsa aliyense, popeza m'chaka cha 2013 mabungwe oyang'anira mankhwala ku America ndi ku Ulaya anachenjeza mwamphamvu kuti akhoza kuwononga chiwindi, ngakhale ketoconazole wodzola ndi wosambira alibe vuto limeneli.

Koma chimene ndikufuna muchite ngakhale musanagule mafuta ena ndi kukayezetsa shuga. Mayi anga aakulu anavutika ndi zidzolo ngati zanuzi kwa miyezi yambiri, ndipo chifukwa cha manyazi ankangodzola ichi ndi icho osauza aliyense. Nditapita kukagona kwawo masiku angapo ndinaona kuti amaika jagi ya madzi pafupi ndi bedi, m'mawa n'kupezeka yopanda kanthu, ndipo usiku umodzi ndinawamva akutsegula chitseko kanayi kupita kukataya madzi. Chitenje chinkawazungulira kwambiri kuposa kale chifukwa anali ataonda, ngakhale ankadya bwino. Titapita nawo kuchipatala m'mawa asanadye kanthu, anawabaya chala, ndipo shuga anapezeka atakwera kwambiri. Atayamba kumwa mankhwala a shuga ndi kusintha kadyedwe, mafuta omwewo a clotrimazole amene poyamba ankaoneka ngati opanda mphamvu anapoletsa khungu, ndipo zidzolo zinasiya kubwerera mwezi ndi mwezi. Shuga akachuluka m'magazi amadyetsa yisiti komanso amafooketsa maselo oyera amene amalimbana ndi matenda. Muyezo wa munthu amene sanadye usiku wonse ukafika 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL pa makina ena, ndipo n'kutsimikizika poyezanso, ndiye kuti ali ndi matenda a shuga. Anthu ambiri amakhala nawo zaka asakudziwa, ndipo kwa ena yisiti wobwerezabwereza ndiye chizindikiro choyamba.

Tsiku lomwelo yezetsaninso HIV ngati papita nthawi musanayezetse. Sindikunena izi pofuna kukuopsezani, koma chifukwa chitetezo chikatsika yisiti amavuta kuchiza, makamaka ngati mukuonanso zoyera zomatirira palilime ndi m'masaya kapena mukumva kupweteka pomeza. Kumbukiraninso ngati m'chaka chimenechi mwakhala mukumwa maantibayotiki pafupipafupi, monga amoxicillin kapena doxycycline, amene ambiri amagula akangomva chimfine. Mankhwala amenewa amapha mabakiteriya abwino pamodzi ndi oipa, yisiti n'kutsala yekha wopanda womuletsa. Mapiritsi a steroid monga prednisolone, kukhala ndi pathupi, kuchepa kwa magazi ndi kunenepa kumene kumakulitsa mapindiro a khungu, zonsezi zimathandizira vutoli.

Ngati zoyeza zonse zatuluka bwino, ndiye kuti nkhondo yanu yaikulu ili pa chinyezi. Yisiti amakonda malo ofunda, onyowa ndi osapita mphepo, ndipo n'chifukwa chake ambiri amavutika kwambiri mu Okutobala ndi Novembala ndiponso m'nyengo ya dzinja, makamaka kumadera otentha monga ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Karonga. Mayi amene waima pamoto kuyambira m'mawa atavala kamisolo ya nayiloni, bulauzi ndi chitenje pamwamba, thukuta limakhala pansi pa mabere tsiku lonse. Mukasamba, kwezani bere lililonse ndi kupukuta mosindikiza pang'onopang'ono osakhula, kenako khalani mphindi zingapo musanavale kuti mphepo ipite. Dulani tinsalu ta thonje toyera, ngakhale kuchokera ku chitenje chakale chofewa chimene mwachapa bwino, muziika kamodzi pansi pa bere lililonse ndi kusintha kakanyowa. Kamisolo ikhale yokweza mabere kuti khungu lisagundane ndi khungu, ndipo musaivale masiku awiri otsatizana osachapa.

Pali chizolowezi china chimene ndikudziwa kuti n'chovuta kuchisintha. Ambiri timayanika zovala zamkati kuchipinda, pamsomali kuseri kwa chitseko kapena pansi pa chopukutira, poopa kuti apongozi kapena ana angazione pachingwe. Zovala zotere zimauma pang'ono chabe ndipo timazivala zikadali ndi chinyezi m'misoko. Pezani kangodya kuseri kwa bafa kapena mkati mwa mpanda kumene dzuwa limafika, ndipo zikauma muzisite. Chopukutira chikhale chanu nokha ndipo nacho chiziyanikidwa panja.

M'mayankho amene ena apereka pa funso lanu ndaona malangizo oti mupake ndimu, mchere, adyo, sipiriti kapena mankhwala otsukira mano. Chonde musatero. Khungu la pamalopo ndi losupuka kale, ndipo zinthu zimenezi zimaliwotcha ndi kutsegulira njira mabakiteriya. Kukhula ndi mwala kapena chinkhupule, sopo wonunkhira kwambiri ndi mafuta olemera amene amatsekera thukuta zimawonjezeranso vuto. Ufa wothira pakhungu ukanyowa umaumbika m'mpindiro n'kusunga chinyezi chomwe mukufuna kuchotsacho.

Mmodzi mwa oyankha wanena kuti iye ali ndi zikanga pachifuwa ndi kumsana zimene zimabweranso chaka chilichonse, ndipo wafunsa ngati ndi matenda omwewa. Amenewo kawirikawiri amayamba ndi yisiti wina wotchedwa Malassezia, amene amadya mafuta a pakhungu, ndipo amachizidwa ndi shampu ya ketoconazole ya 2% kapena ya selenium sulfide ya 2.5% yopaka ndi kusiya mphindi 5 mpaka 10 musanatsuke. Mawanga otuwawo amatenga miyezi kuti abwerere mtundu wake ngakhale yisiti atachepa kale, choncho kutuwa kokha sikutanthauza kuti mankhwala alephera. Koma banga lotuwa limene silimva kukhudza kapena kubaya liyenera kuonedwa kuchipatala msanga, chifukwa khate limayamba motero ndipo limachizika likapezeka.

Kwa inu mayi, musadikire ngati malowo atupa, akutentha, akutuluka mafinya, kufiira kukufalikira mofulumira kapena mwayamba kutentha thupi, pakuti zimenezo zimasonyeza kuti mabakiteriya alowererapo. Chimodzimodzinso chilonda cha pansonga ya bere limodzi chimene sichikupola, chotupa m'bere kapena khungu la bere lokhuthala ngati khungu la lalanje, zimenezi zimafunika kupimidwa mwapadera osati kudzoledwa mafuta a yisiti.

Pitani kuchipatala m'mawa musanadye, mutatenga machubu onse amene mwakhala mukudzola, ngakhale otha, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Nenani momveka kuti vutoli latha chaka ndipo labwerera kangati, chifukwa mukangoti muli ndi zidzolo mudzapatsidwa kachubu kena n'kubwerera. Ngati mwamaliza masabata anayi a mankhwala oyenera koma palibe kusintha, pemphani kalata yokutumizani kwa oona za khungu kuchipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene akhoza kupala pang'ono pamwamba pa khungu ndi kuyang'ana pa maikulosikopu kuti aone ngati ndi yisiti, chipere kapena matenda ena.