Mankhwala opopera m'mphuno andikana, kodi anandigulitsa abodza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Chaka chilichonse chimanga chikamamasula ndimavutika. M'mawa ndimayetsemula mpaka kakhumi, maso kuyabwa, usiku mphuno kutseka. Ndinagula mankhwala opopera m'mphuno pa famase ina mu Old Town ndipo tsiku loyamba ndinagona ngati khanda. Pano yakwana sabata yachitatu, ndikupopera kasanu pa tsiku, ndipo ndikachedwa kupopera mphuno imatsekeratu kuposa kale. Kodi anandigulitsa abodza? Ndigule ati?"

Anatumizanso chithunzi cha botolo. M'munsi mwa dzina lalikulu muli timalemba takuti xylometazoline 0.1%.

Mayi, mankhwalawo si abodza. Akugwira ntchito yomwe anawapangira, kungoti mwawapatsa ntchito ya ena. Ndikunena izi chifukwa inenso ndinadutsa momwemo. Ndikukumbuka usiku wina mu Malichi magetsi atazima, ine gwadeni pansi ndi tochi ya foni, kufunafuna kabotolo kamene kanagubuduzikira kuseri kwa bedi. Mkazi wanga anadzuka n'kufunsa ngati mwalowa njoka. Apo n'kuti ndapopera kale kawiri usiku womwewo.

Tiyambe ndi chimene chimatseka mphuno. Ambiri timaganiza kuti ndi mamina, n'chifukwa chake timamina mpaka mphuno kufiira koma osatuluka kanthu. Mkati mwa mphuno muli nyama yofewa yodzaza ndi timitsempha ta magazi. Mungu ukalowa, thupi la anthu ngati inu ndi ine limauyesa mdani ndipo limatulutsa mankhwala akeake otchedwa histamine. Histamine ameneyu ndiye amabweretsa kuyabwa, kuyetsemula ndi mamina amadzimadzi aja, komanso amatupitsa timitsemphato mpaka njira ya mpweya kuchepa. Xylometazoline, komanso mnzake oxymetazoline, amangofinya timitsempha timeneti. M'mphindi zosakwana 10 mphuno mbee, ndipo zimakhala choncho kwa maola angapo, mwina mpaka 10. Koma chimene chayambitsa kutupa sanachikhudze n'komwe. Ndiye mukawagwiritsa ntchito masiku ambiri motsatizana, timitsemphato timazolowera. Mankhwala akangotha mphamvu timatupa mobwezera, kuposa poyamba. Madokotala amati rhinitis medicamentosa. Ine ndimati ndi katapila: lero wakupatsa mpweya, mawa akufuna umubwezere ndi chiwongoladzanja, ndiye ukatenganso wina kuti ubweze woyambayo. Tawerengani kapepala kamene kanali m'bokosi. Ena amalemba kuti musapitirire masiku 3, ena 7. Palibe amene amalemba masabata atatu.

Mankhwala amenewa ndi a chimfine cha masiku ochepa, kapena usiku umodzi umene zathina kwenikweni. Mungu wa udzu suuluka masiku atatu ayi. Kuno kwathu udzu umachita maluwa mvula ikamapita kumapeto, cha mu Febuluwale mpaka Epulo, ndipo mukudziwa mmene Lilongwe amakhalira nthawi imeneyi: m'mbali mwa msewu tsekera kutalika kuposa munthu, m'madambo chimodzimodzi, poloti iliyonse yosamangidwa muli chimanga. Mungu wa chimanga ndi wolemererapo, wambiri umagwera pafupi ndi munda, choncho n'kutheka kuti chimanga mukuchinenachi chikungosenzera mlandu udzu umene umachita maluwa nthawi yomweyo. Zili ngati mmene anthu amanenera jakaranda mu Okutobala. Maluwa ake amaoneka patali, ndiye aliyense amaloza iye, chonsecho mungu wake amanyamula ndi tizilombo monga njuchi. Miyezi imeneyo chimene chimatipweteka kwambiri ndi fumbi ndi utsi wa tchire lotenthedwa ndi osaka mbewa.

Ndiye mugule ati? Pali mtundu wina wa mankhwala opopera, okhala ndi steroid. Pa botolo mupeza mawu ngati beclomethasone, fluticasone, mometasone kapena budesonide. Mayina amalonda ndi monga Beconase, Flixonase ndi Nasonex. Awa amalimbana ndi kutupa kwenikweniko. Vuto lawo n'limodzi: sachita changu. Ndipo apa m'pamene anthu ambiri amawataya.

Ine nditayamba beclomethasone ndinatenga kope la mwana wanga lotsala masamba, n'kumalemba m'mawa uliwonse zinthu zitatu: ndayetsemula kangati, ndadzuka kangati usiku, mphuno iti yatseka. Tsiku loyamba, palibe kusintha. Lachiwiri, palibe. Lachitatu ndinalemba kuti "ndataya ndalama" n'kudula mzere kunsi kwake. Koma ndinapitiriza, makamaka chifukwa botolo ndinali nditalipira kale. Sabata itatha ndinaona kuti ndagona usiku wonse pakamwa pali potseka, lilime losauma ngati chikopa. Pofika sabata yachiwiri kuyetsemula kwa m'mawa kunatsala kawiri kapena katatu. Chikanapanda kopelo sindikanadziwa, chifukwa kusinthako kumabwera mwakachetechete, osati ngati kwa xylometazoline kumene umamva mphuno ikutseguka uli chiimire pa famase pomwepo. Mankhwala a steroid amafuna kupopera tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mwadzuka bwino, ndipo mphamvu yake yonse imaoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Amene wawayesa masiku awiri n'kunena kuti sagwira, sanawayese. Chaka chamawa mudzayambe masabata awiri nyengo yanu yovutayo isanafike.

Kapoperedwe nakonso kali ndi nkhani. Ine ndinkalakwitsa zonse. Ndinkakweza mutu kuyang'ana kudenga, kulowetsa botolo molunjika pakati, n'kukoka mpweya mwamphamvu ngati wofwenkha fodya. Mankhwala onse ankathera kukhosi, kuwawa, ndipo tsiku lina ndinaona timagazi pa mpango. Njira yake ndi iyi: minani kaye, gwedezani botolo, weramitsani mutu pang'ono ngati mukuwerenga nyuzipepala. Dzanja lamanja lipopere mphuno yakumanzere, lamanzere yakumanja, kuti kamwa la botolo liloze chakukhutu, osati pa chichereŵechereŵe chapakati chija cholekanitsa mphuno ziwiri, pakuti m'pamene pamachedwa kupola pakasupuka. Kokani mpweya pang'onopang'ono ngati mukununkhiza ndiwo ngati zapsa. Mukamva kukoma kwa mankhwala pakhosi, mwakoka kwambiri.

Tsopano kusiya aja muli nawowo. Sindikunamizani, masiku oyamba ndi owawa. Njira imene inandithandiza ndi kusiya mphuno imodzi kaye. Ndinasiya kupopera yakumanzere n'kumapopera yakumanja yokha usiku, kuti ndizipezako popumira. Yakumanzere itayamba kutseguka yokha, ndinasiyanso inayo. Nthawi yonseyi n'kuti ndikupopera beclomethasone mbali zonse. Ena amangosiyiratu kamodzi n'kupirira sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati mtima wanu ndi wolimba choncho, zimathekanso. Koma poti mwafika masabata atatu, pitani ndi botololo kwa wa famase kapena kwa dokotala, muwauze mosabisa kuti mukupopera kasanu pa tsiku. Makamaka ngati muli ndi BP, vuto la mtima, kapena ndinu oyembekezera, chifukwa mankhwala ofinya mitsempha safunika kuseweretsa pa anthu otere. Ana aang'ono musawapopere a akuluakulu.

Pali china chimene ndikufuna owerenga ena amve. Ngati mukumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir zosakaniza ndi ritonavir, musagule fluticasone kapena budesonide panokha. Ritonavir amachedwetsa chiwindi kuphwanya mankhwalawa, ndiye amaunjikana m'magazi mpaka kubweretsa mavuto monga kutupa nkhope. Pa anthu otere madokotala amakonda beclomethasone. Nenani kwa amene akukupatsani mankhwala, si nkhani yochita nayo manyazi. Kwa ena tonse, steroid wa m'mphuno amalowa m'magazi pang'ono kwambiri. Si uja wa mapiritsi amene anthu amaopa kuti amanenepetsa.

Chotsika mtengo kuposa zonse ndi madzi amchere. Wiritsani madzi theka la lita, azizire, muikemo supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi ina ya soda wophikira. Thirani pang'ono pachikhatho choyera, kokerani m'mphuno imodzi, mulole atuluke, kenako inayo. Ine ndimatero madzulo ndikatsika kabaza, ndisanapopere mankhwala, ndipo zimene zimatuluka nthawi ya fumbi zimaoneka ngati dothi la katondo. Madziwo akhale owiritsa ndithu, osati ongotunga pampopi kapena pachitsime, ndipo muzikonza atsopano tsiku lililonse.

Za maso oyabwa, mapiritsi a cetirizine kapena loratadine amathandiza, kamodzi pa tsiku, ngakhale kuti pa kutseka kwa mphuno mphamvu yawo ndi yochepa. Piriton amagwiranso koma amagonetsa. Oyendetsa galimoto ndi njinga zamoto samalani. Amoxicillin musiyeni. Ndimaona anthu akugula timakapisozi tingapo akangoyetsemula, koma mungu si kachilombo koti n'kufa ndi mankhwala amenewo.

Pogula, gulani pa famase yovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, osati pa thebulo la mumsika pomwe mabotolo akhala padzuwa tsiku lonse, ndipo onani deti lothera ntchito.

Pomaliza, mayi, ngati mphuno yotseka ndi imodzi yokhayokha nthawi zonse, ngati mamina asanduka achikasu onunkha pamodzi ndi kutentha thupi ndi kuwawa kumaso, ngati magazi akutuluka kawirikawiri, kapena ngati usiku pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka, zimenezo si za pa famase, pitani kuchipatala. Chomalizachi n'chofunika chifukwa vuto la mungu ndi mphumu zimakonda kuyendera limodzi. Apo ayi, pezani kope, yambani kulemba mawa m'mawa, ndipo pakatha masabata awiri mundilembere kuti tsiku lachitatu munalembapo chiyani.