Atachimenti yongotsuka masipanala, ndisiye kapena ndipirire?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira zokonza magalimoto, dzina sinditchula. Akuti ali pa atachimenti pa galaja ina pa Kamuzu Road konkuno ku Salima, watha masabata asanu koma ntchito yake ndi kusesa, kutsuka masipanala ndi kukagulira mabigi chips masana. Injini sanayigwirepo, alawansi palibe. Ndiye akufunsa kuti, "achimwene, ndisiye ndikasake malo pa kampani yaikulu ku Lilongwe kapena ndipirire?"

Mphwanga, usasiye kaye. Koma usangokhalanso duu ngati thumba la simenti kudikira kuti wina akunyamule.

Atachimenti si ganyu, ndi sukulu ndithu. Ndondomeko ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndi yoti wophunzira ntchito zamanja azikhala nthawi ina ku koleji nthawi ina kuntchito, ndipo makampani amalipira msonkho (levy) wa 1 peresenti pa malipiro a antchito awo kuti maphunziro amenewa aziyenda. Kaya uli ku Salima Technical College ku Senga Bay, kaya Namitete, Nasawa kapena Soche, nkhani ndi yomweyo, injini yophunzirira ya mu workshop mabawuti ake anazolowera kumasulidwa, ukangoti gwire basi yatheka. Galimoto ya kasitomala si choncho. Imabwera ndi fumbi, dzimbiri, mabawuti ena anamangidwa ndi munthu wopanda chisoni, mwini wake wayima pambali akuti madzulo ikanyamule anthu. Zimenezo ndiye wapitira kumeneko.

Tsono chifukwa chake sakukupatsa injini ndi mantha basi. Ukapotokola bawuti mpaka kuthyokera mkati wolipira ndi bwana, osati iwe, ndiye amayamba akuwona kaye manja ako.

Ine pa atachimenti yanga ndinatha mwezi wathunthu ndili pa beseni la petulo kutsuka mapatsi, dzuwa la ku Salima lija, ovolosi ili nyowe ndi thukuta. Chomwe ndinkachita ndi choti patsi iliyonse ndikatsuka ndinkayiyala pa katoni motsatana ndi mmene yachokera, mawashala ndi manati ake pambali. Madala amene ankatiyang'anira sankayankhula zambiri koma ankaona. Tsiku lina kunabwera minibasi ikugogoda mu injini, madala aja anatenga sukuludiraiva yaitali, nsonga kugunditsa pa injini chogwirira kuika pakhutu, kusuntha apa, kusuntha apo, kenako amvekere "iwe wasukulu, tabwera udzamve." Ndinamva kugogoda kuja kukusintha malinga ndi pomwe waika, pamwamba kachete, pansi kolemera. Mu notsi zanga munalibe zimenezo. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundisiyira mabuleki, kenako kilatchi.

Iweyo uli ndi chida chomwe ambiri sachigwiritsa ntchito, logbook, buku la kukoleji lolembamo ntchito zomwe waphunzira. Anyamata amaisunga mu chikwama mpaka sabata yomaliza kenako nkukapempha abwana kuti angosaina masamba onse, uko ndi kudzibera wekha. Pita nayo kwa abwana mmawa kusanachuluke anthu, mwaulemu, uwaonetse zomwe akukoleji akufuna uphunzire, uwauze kuti "bwana, sabata ino ndimapempha ndigwireko mabuleki inu mukuona." Yambira pa zazing'ono, kusintha oyilo, mafiluta, mapulagi. Ndipo uzifunsa, safunsa anadya phula, bola osafunsa pamaso pa kasitomala, amakaniko ena amaona ngati ukuwayesa.

Zogula chips zisakuwawe, tonse tinagulapo. Koma akayamba kukutuma kumunda kwawo kapena kukachapa zovala kunyumba, imeneyo si atachimenti. Pakatha masabata awiri utapempha koma palibe chasintha, uza aphunzitsi ako ku koleji kuti alankhule nawo kapena akusinthe malo. Osangosowa ayi, ukathawa umatsekera khomo anzako obwera mmbuyo.

Za ku Lilongwezo, sindikunyoza kampani yaikulu. Kumeneko uona makina olumikiza ku galimoto nkuwerenga vuto pa kompyuta, ndipo magalimoto a masiku ano popanda zimenezo ungolota. Koma ukhozanso kuikidwa gawo limodzi miyezi yonse kumangoonerera, kwinaku lendi ndi thiransipoti zikukudya, pomwe kuno ukugona pakhomo. Galaja ya pa Kamuzu Road imalandira chilichonse, ma Sienta a taxi, njinga zamoto za akabaza, malole, mwina mpaka injini ya boti ya asodzi a ku Senga Bay. Kwa munthu woyamba kumene ine ndingasankhe pamenepo, kampani yaikulu udzapite ulendo wachiwiri manja atakhwima. Ndipo sikuti ndi Lilongwe yokha, Illovo ili ku Dwangwa ku Nkhotakota, Salima Sugar ili pompano, kalata yopempha malo ukhoza kulemba msanga kudzera ku koleji.

Lolemba lino lawira ndi logbook yakoyo, masipanala utsuke ngati kale, kenako ukagogode kwa abwana. Undilemberenso mmene akuyankhire.