Kulemba malangizo oti mlimi ndi katswiri amve mofanana

Mayi wina wandilembera pa imelo kufunsa mmene angalembere malangizo a ntchito zaluso kuti amveke kwa ophunzira kwambiri ndiponso kwa amene sukulu anaisiyira panjira. Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa landikumbutsa kapepala kamene ndinalembera alimi kofotokoza kabzalidwe ka chimanga ka Sasakawa.

Zonse zimene ndinalembamo zinali zoona: mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, ndipo mbewu ikhale imodzi pa phando lililonse. Anzanga kuntchito anakayamikira. Koma nditapita kumudzi mvula yoyamba itangogwa, ndinapeza azakhali anga atakapinda kapepalako n'kukasomeka kudenga, ndipo anandiuza mofatsa kuti anakawerenga kawiri konse koma analibe choyezera, popeza m'nyumbamo munalibe rula. Amene anawathandiza anali alangizi a zaulimi, omwe anadula timitengo tiwiri, kena kakatali ka pakati pa mizere, kena kakafupi ka pakati pa mapando, n'kuwapatsa m'manja. Mtima unandipweteka, chifukwa ndinali nditalembera anzanga a muofesi pamene wogwira khasu ndinamuiwala.

Kuyambira pamenepo sindivomereza kuti wowerenga ndiye wolakwa akapanda kumva. Wolakwa ndi wolemba, ndipo pamenepa sindisunthika. Taganizirani mawu akuti mankhwala, amene timatchulira Panado wa mwana, Actellic wothira m'chimanga, komanso WaterGuard wa m'madzi akumwa. Wolemba amene angoti "thirani mankhwala" osatchula dzina lolembedwa pa botolo akuika moyo wa munthu pachiswe. Tisaiwalenso kuti ambiri owerenga Chichewa kunyumba kwawo amalankhula Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, kotero miyambi ndi mawu ozama, ngakhale amakometsa nkhani, m'malangizo amangosokeretsa munthu.

Chimene mungachite

Chinthu chimodzi muchitche dzina limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo chenjezo libwere patsogolo pa ntchito imene lingaipewetse ngozi, lisadikire kumapeto kwa tsamba. Muyeso wa akatswiri musauchotse, koma pambali pake muikepo wa chinthu chopezeka pakhomo. Musanasindikize, perekani pepalalo kwa munthu amene sanagwirepo ntchitoyo, mukhale chete, ndipo paliponse pamene waima n'kukuyang'anani mulembenso.