Kalulu wamkazi asakhale ndi thupi lokopa amuna

Achimwene, Kalulu wamkazi wa m'kabuku kanu ka ana musamujambule ndi mabere, kachiuno kopyapyala ndi mbina ayi. Duku, chitenje ndi dzina lake zikwanira kuti ana adziwe kuti ndi wamkazi.

Ine ndimajambulira ana a ku Area 25 zithunzi za nthano, ndipo amakopera chilichonse. Nyama zazimuna timazipatsa matupi osiyanasiyana: Mvuu wa chimimba, Fulu wokalamba, Nyani wowonda. Zazikazi zonse thupi limodzi, milomo yopaka utoto, nsidze zazitali. Mtsikana akaona zimenezi amatola kuti mkazi ndi maonekedwe basi. Ngakhale ku America anabwerera m'mbuyo: Lola Bunny, kalulu wamkazi wa m'filimu ya katuni ya mu 1996, anamujambulanso mu 2021 atamuchepetsera zokopazo.

Onaninso nyama zenizeni. Afisi amene amalira usiku mu Lilongwe muno, wamkazi ndiye wamkulu thupi kuposa wamwamuna, ndipo gulu amalamulira ndi iyeyo. Si nkhani yokoma imeneyo kuposa mbina?

Ngati kabukuko kakupita m'sukulu, kaonetseni kaye kwa mphunzitsi wa pulayimale kapena mkonzi wa mabuku a ana musanakasindikize.