Kiyibodi ikulumikizika ku laputopu koma kulira kwake sikujambulika

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mutalumikiza kiyibodi yanu ya Yamaha ku laputopu ndi chingwe cha USB, pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio ikuonetsa kuti makiyi akudindidwa, koma mukamvetsera zomwe mwajambula simukumva piyano ija imene mumaikonda pa kiyibodiyo. Chingwe chanu ndi chabwinobwino ndipo kiyibodi ilibe vuto lililonse. Chachitika n'chakuti mwatumiza MIDI pamene inu mumayembekezera mawu enieni a chidacho.

MIDI, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1983, sinyamula kulira kwa chida ayi. Imangonyamula uthenga wonena kuti kiyi wadindidwa ndi uti, wadindidwa mwamphamvu bwanji, wasiyidwa nthawi yanji, ndiponso ngati pedulo yapondedwa. Ili ngati pepala la sol-fa limene mphunzitsi wa kwaya amagawira oimba: zonse za nyimbo zilipo papepalapo, koma pepalalo palokha silingamveke mpaka wina atsegule pakamwa. N'chifukwa chake mu FL Studio muyenera kutsegula chida cha mu pulogalamumo, monga FLEX, kuti uthengawo ukhale ndi chouimba, ndipo zimene mudzamve zidzakhala za kompyuta, osati za Yamaha wanu.

Ngati mukufuna kulira kwa kiyibodi yeniyeniyo, yambani mwaona buku lake pa gawo la USB TO HOST. Makiyibodi ena atsopano, monga PSR-E373, amatumiza MIDI ndi mawu omwe kudzera pa chingwe chimodzi chomwecho, bola pa Windows muikepo Yamaha Steinberg USB Driver. Akale ambiri amangotumiza MIDI basi, ndipo ndikuganiza kuti yanu ili m'gulu limeneli. Zikatero pakufunika kabokosi kamene anthu a m'masitudiyo amati sound card kapena audio interface, monga Focusrite Scarlett 2i2 kapena Behringer UMC202HD, komwe kali ndi mabowo awiri olandirira mawu. Mumatulutsa mawu pa kiyibodi kudzera pa mabowo olembedwa L/MONO ndi R pogwiritsa ntchito zingwe za jaki yaikulu ya mamilimita 6.35, n'kuzibaya pa kabokosiko. Kiyibodi ikakhala ndi bowo limodzi lokha la PHONES/OUTPUT, gulani chingwe chokhala ndi jaki ya sitiriyo mbali imodzi ndi majaki awiri mbali inayo. Ndikupempheni kuti musabaye kiyibodi pa bowo la maikolofoni la laputopu, chifukwa bowolo linapangidwira mawu ofooka kwambiri, ndipo mphamvu yochokera ku kiyibodi imangosanduka phokoso lophwanyika limene simungalikonze pambuyo pake.

Njira imene ine ndimaikonda, ndipo ndi imene ndingakulangizeni ngati mukujambula nyimbo za kwaya kapena zoti zikamveke pa wailesi, ndi yophatikiza zonse ziwiri. Jambulani kaye MIDI, kenako konzani pa piano roll (malo a mu FL Studio oonetsa manotsi amene mwaimba) pamene chala chinaterereka kapena pamene munathamangira kutsogolo kwa ng'oma, ndipo mukakhutira, tumizaninso MIDI yomweyo ku kiyibodi kudzera pa chida chotchedwa MIDI Out mu FL Studio kuti kiyibodi iziimba yokha uku inu mukujambula mawu ake pa sound card. Mwanjira imeneyi mukhoza kusintha piyano kukhala ogani popanda kuimbanso nyimbo yonse. Kumbukirani kuti nambala ya port pa MIDI Out iyenera kufanana ndi imene mwapatsa kiyibodi mu MIDI settings, apo ayi kudzangokhala zii. MIDI ili ndi matchanelo 16, ndipo tchanelo 10 nthawi zambiri ndi ya ng'oma, choncho mukamva ng'oma pamene mumayembekezera piyano, mwasokoneza pamenepo. Pochita zimenezi muike Local (imene imalumikiza makiyi ndi mawu a kiyibodiyo) pa Off mu Function ya kiyibodi, chifukwa ikakhala pa On kiyi aliyense amalira kawiri, kamodzi kuchokera ku zala zanu ndi kachiwiri kuchokera ku kompyuta, ndipo mawu amamveka ngati akuchokera m'chitini. Mukamaliza mubwezere pa On, poopa kuti mungadzafike nayo kutchalitchi Lamulungu n'kupeza kuti siikulira.

Vuto lina limene mudzakumane nalo ndi kuchedwa kwa mawu, kuti mwadinda kiyi koma kulira kukubwera m'mbuyo. Pa Audio settings sankhani ASIO (kapulogalamu koyendetsa mawu mofulumira) ya sound card yanu, kapena ASIO4ALL ngati mulibe, ndipo buffer (kuchuluka kwa mawu amene kompyuta imasonkhanitsa isanawatulutse) muiike pa 256 kapena 128. Pa 44.1 kHz, buffer ya 256 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 6, zimene zala zambiri sizizindikira. Mawu akayamba kuthetheka, ikwezeni pang'ono.

Mukamva kulira kwa "mmmm" kapena kaphokoso kosalekeza pa mahedifoni, zulani chaja ya laputopu n'kumvetseranso. Phokoso likatha, ndiye kuti likulowera ku magetsi, ndipo mungalichepetse pobaya kiyibodi ndi laputopu pa ekisitenshoni imodzi, kapena kujambula laputopu ikuyendera batire. Chingwe cha USB chisapitirire mamita 3, ndipo ngati mudzagwiritse ntchito kiyibodi yakale ya mabowo ozungulira a mano asanu, kumbukirani kuti pa chingwe cha MIDI choilumikizira ku USB, pulagi yolembedwa IN imalowa pa bowo la OUT la kiyibodi. Ambiri timalakwitsa pamenepa tsiku loyamba. Popeza magetsi kwathu kuno amatha kuzima nthawi iliyonse ndipo kiyibodi ikazima mwadzidzidzi FL Studio imaitaya, zolowerani kusunga ntchito yanu mukangomaliza gawo lililonse.

Tiuzeni nambala ya kiyibodiyo monga yalembedwera pamwamba pake, ndiponso mabowo amene ali kumbuyo kwake, kuti ndikuuzeni chingwe chenicheni choti mukagule musanawononge ndalama pa sound card imene mwina simukuifuna n'komwe.